Makatuni a pa chimbale ndi nyimbo zotsanzira: mafunso amene mumandifunsa kuno kuchigwa

Ndimakonza mawailesi, ma DVD ndi mafoni pa Ngabu, ndipo kuseri kwa shopu yanga kuli kachipinda kamene ana amaoneramo kanema Loweruka masana. Chifukwa cha ntchito imeneyi, makolo, aphunzitsi ndi anyamata ofuna kujambula zawo amandifunsa mafunso omwewomwewo chaka ndi chaka. Ndawasonkhanitsa pano. Ena ndayankha mwachidule, ena ndatalikitsa chifukwa amandikhudza mtima.

Kodi katuni iliyonse si ya ana?

Ayi, ndipo ili ndi funso limene linandipangitsa kulemba zonsezi. Tsiku lina kunabwera mayi wina wochokera cha ku Miseu Folo, chimbale chili m'manja, nkhope ili gwaa. Anati, "Achimwene, tandiuzeni, ndawagulira chiyani ana angawa? Aang'onowa akungoyang'ana, koma wamkuluyu, wa Fomu 3, akuseka mobisa nkhope, ndipo ndikalowa akuthamangira kuzimitsa." Pachikuto panali tiana tinayi ta mitu yobulungira, titavala zipewa za nyengo yozizira. Inali South Park. Ndinawapatsa mpando n'kuwafotokozera pang'onopang'ono kuti tianato timatukwana mopanda manyazi, ndipo nkhani zake ndi za kuchipinda, za ndale ndi za zipembedzo. Mayiwo sanalakwe. Kuno tinazolowera kuti chojambula ndi cha mwana. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ku America, katuni ya akuluakulu ndi yakale. The Flintstones inayamba mu 1960 ndipo inkaonetsedwa madzulo, nthawi imene bambo ndi mayi aweruka kuntchito. The Simpsons ya Matt Groening inayamba mu 1987 ngati tizigawo tatifupi m'kati mwa pulogalamu ina, kenako mu December 1989 inaima payokha pa kanema wa Fox. Ndi nkhani ya banja la Homer ndi Marge ndi ana awo atatu, koma chimene imaseka kwenikweni ndi mabwana, andale, apolisi ndi ulesi wa bambo wa pakhomo. South Park ya Trey Parker ndi Matt Stone inabwera mu 1997, Family Guy ya Seth MacFarlane mu 1999, ndipo ziwirizi zinapitirira malire amene The Simpsons inkaimapo. Anazilembera anthu akuluakulu. Mwana akazipeza, wapeza zimene sanamukonzere.

Ndingadziwe bwanji ndisanagule?

Chimbale chenicheni chimakhala ndi chizindikiro cha zaka pachikuto. Cha ku America chikalembedwa TV-Y kapena TV-G ndi cha ana ndi banja lonse, TV-14 ndi cha amene akwanitsa zaka 14, pamene TV-MA ndi cha akulu okhaokha. Cha ku Britain chimakhala ndi U, PG, 12, 15 kapena 18. Zochokera ku South Africa zimaonjezera zilembo pambali pa nambala: L akutanthauza zotukwana, V zachiwawa, S zogonana.

Vuto n'lakuti zimbale zambiri za m'misika yathu, kaya pa Nchalo, pa Bangula kapena pa Dyeratu, zimakhala zokopera, ndipo wokopera sasamala zizindikirozi. Amaunjika makatuni khumi kapena makumi awiri pa chimbale chimodzi, ya khanda pamodzi ndi ya chidakwa, chikuto n'kuikapo chithunzi chimene chamukongolera. Ndiye njira yodalirika ndi imodzi: muonereni nokha kaye ana atagona. Musaonere poyambira pokha, dumphirani pakati ndi kumapeto. Ngati Chingerezi chake chikukuthamangirani, itanani mphunzitsi kapena mwana wamkulu amene mumamukhulupirira, akhale nanu mphindi khumi. Gawo limodzi la makatuni amenewa limatenga mphindi pafupifupi 22, si ntchito ya tsiku lonse.

Nanga ana anga ndiwaonetse ziti?

M'kachipinda kanga, imene sinandigwiritsepo mwala ndi Tom and Jerry. William Hanna ndi Joseph Barbera anaiyamba mu 1940, poyamba ya m'nyumba zoonetsera kanema, ndipo mpaka lero mwana wa ku Makhanga amene sanamvepo Chingerezi amaseka mpaka kugwa pa benchi. Chifukwa chake n'chapafupi: mulibe mawu oti munthu amasulire, ndipo nkhani yake tinaimva kale kwa agogo pamoto. Wamng'ono wochenjera kupusitsa wamkulu wadyera, ameneyo ndi Kalulu ndi Fisi basi. Muli kumenyana ndi mapoto ndi nyundo, choncho wamng'ono kwambiri muzimuuza kuti mphaka wa pakhomo akamenyedwa chotero sadzukanso.

Katuni ya Mr. Bean, imene inayamba mu 2002, nayonso imayenda bwino chifukwa mawu ndi ochepa. Kwa atsikana a sukulu ndimakonda Supa Team 4, imene inatuluka pa Netflix mu 2023. Anaiyambitsa ndi Malenga Mulendema wa ku Zambia ndipo nkhani yake imachitikira mu Lusaka. Ndinaona mmene atsikana anakhalira chete ataona ngwazi za khungu ndi tsitsi ngati lawo.

Ngati zinapangidwira wailesi ya kanema, n'chifukwa chiyani amaziika pa zimbale?

Chifukwa wailesi imaonetsa kamodzi pa nthawi imene yasankha yokha, pamene nthabwala yabwino munthu amafuna kuibwereza. Makatuni a akuluakulu aja amadzaza tinthu tating'onoting'ono, chikwangwani cha pakhoma, mawu a munthu wodutsa kumbuyo, zimene sungazione ulendo woyamba. Kampani zitazindikira zimenezi zinayamba kugulitsa chaka chathunthu cha pulogalamu m'bokosi limodzi. The Simpsons inatulutsa bokosi lake loyamba la DVD mu 2001, ndipo anaikamo ndi mawu a olemba ndi ojambula akufotokoza mmene gawo lililonse linapangidwira.

Nkhani imene imandisangalatsa ndi ya Family Guy. Fox inaithetsa mu 2002 poona kuti oonera ndi ochepa. Koma zimbale zake zitatuluka mu 2003 zinagulidwa mamiliyoni, ndipo zigawo zakale zimene zinkabwerezedwa usiku pa kanema wa Adult Swim zinakopa anthu ambiri. Eni ake anaona kuti ataya nkhuku yoikira, ndipo mu 2005 anaibwezeretsa. Futurama, ya Groening yemwe uja, inaima mu 2003, kenako inabwerera kudzera m'mafilimu anayi amene anatuluka pa DVD pakati pa 2007 ndi 2009 asanaonetsedwe pa wailesi, ndipo mu 2010 inayambiranso pa kanema wa Comedy Central.

Taonani chimene chinachitika apa. Anthu wamba, aliyense ndi ndalama yake m'thumba, anasintha maganizo a mabwana. Koma zinatheka chifukwa ndalamayo inafika kwa amene anapanga. Chimbale chokopera, ngakhale titagula tonse kuyambira ku Thabwa mpaka ku Marka, wojambula samva kanthu. Kwa kampani ya ku America mwina sizipweteka kwambiri. Kwa woimba kapena wazisudzo wa kuno kwathu, ndiye kusiyana kwa kutulutsa chachiwiri ndi kubwerera kumunda wa thonje.

Chimbale changa chikukana kusewera. Chavuta n'chiyani?

Yambani ndi kuchitembenuza. Fumbi la kuno ndi zala za ana zodya mango ndiye adani oyamba. Pukutani ndi kansalu kofewa kuchokera pabowo la pakati kupita kunja, osati mozungulira. Chikapitiriza kudumphadumpha, yang'anani ngati chapindika. Mu October ndi November kutentha kwa kuchigwa kuno kumapitirira madigiri 40, ndipo chimbale chosiyidwa pawindo, pansi pa malata kapena m'thumba la njinga ya kabaza sichichedwa kukhota. Chokhota sichiwongoka. Muzisunga m'chikuto chake, choimika, pamthunzi.

Ngati chimbale n'chatsopano, chenicheni, koma makina akulemba mawu okana, ndiye nkhani ya zigawo za dziko. Opanga ma DVD anagawa dziko lapansi m'manambala: 1 ndi America ndi Canada, 2 ndi Ulaya, Japan ndi South Africa, pamene Malawi ndi maiko ambiri a mu Africa ali pa 5. Mbale wanu wa ku Johannesburg akakutumizirani chimbale cha nambala 2, makina otsekeredwa pa nambala ina achikana. Mwayi wake, makina ambiri otchipa amene timagula kuno amalandira zonse. Chithunzi chikamaoneka chakuda ndi choyera kapena chikamagudubuzika, lowani m'makonzedwe a makinawo musinthe kuchoka pa NTSC kupita pa PAL.

Palinso zimbale zolowa kuchokera ku Mozambique zimene zimayankhula Chipwitikizi. Musataye msanga. Dinani batani lolembedwa Audio pa rimoti, kawirikawiri Chingerezi chimakhalamo.

Masiku ano aliyense ali ndi fulashi ndi memore khadi. Chimbale chikadali ndi ntchito?

Ntchito yake yachepa, sindingakane. Chimbale wamba cha DVD chimanyamula magigabaiti 4.7, pamene kakhadi kochepa ngati chikhadabo kamanyamula kangapo kuposa pamenepo, ndipo foni imalira ndi kasola kakang'ono. Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, magetsi ankazima maola ambiri, ndipo anthu ochuluka anasamukira pa foni nthawi imeneyo. Koma chimbale chili ndi ubwino umodzi umene makolo sauganizira: chimaoneredwa pabalaza, aliyense akuona. Foni mwana amaonera m'bulangeti. Chimbale chija cha South Park mayi aja anachigwira chifukwa chinali ndi chikuto. Chikanakhala m'memore khadi, bwenzi mpaka lero asakudziwa.

Kodi vidiyo ya nyimbo yotsanzira ndi chiyani kwenikweni?

Ndi pamene munthu watenga nyimbo yodziwika, n'kusiya kamvekedwe kake momwemo, koma mawu n'kuikamo ake oseketsa, ndipo pojambula n'kutengera kavalidwe, kavinidwe ndi malo a vidiyo yoyambayo. Kukoma kwake kumadalira kuti woonera akhale akuidziwa yoyambayo. Maso amayembekezera chinthu china, khutu n'kumva china, phwete limachokera pamenepo.

Katswiri wodziwika pa luso limeneli ndi "Weird Al" Yankovic wa ku America. Mu 1984 anatenga "Beat It" ya Michael Jackson, nyimbo ya magulu a anyamata omenyana mumsewu, n'kuisandutsa "Eat It", ya kholo lokakamiza mwana wosankha zakudya kuti adye. Vidiyo yake anaitsatira chithunzi ndi chithunzi, jekete lofiira lomwelo, mavinidwe omwewo, ndipo nyimboyo inamupatsa mphotho ya Grammy. Chimene ndimafuna anyamata athu aone n'chakuti ntchitoyo sanaichite mwachibwana. Zoimbira zinali zolongosoka, mawu ankagwera pa ng'oma ndendende. Nyimbo yoseketsa imafuna luso loposa ya chisoni, chifukwa mawu akangotsimphina kamodzi, anthu amaleka kuseka nthabwala n'kuyamba kuseka iweyo.

Koma tisaganize kuti zimenezi tinaphunzira kwa azungu. Amayi pamtondo akhala akutenga nyimbo yodziwika n'kuikamo dzina la khalidwe la mwamuna woledzera kapena apongozi ovuta, mudzi wonse n'kumva uthenga popanda wotchulidwa. M'gule wamkulu muli zilombo zotsanzira mzungu wofiira ndi dzuwa ndi anthu ena obwera. Adzukulu pamaliro amatengera kayendedwe ka malemu mpaka ofedwa kumwetulira misozi ili m'maso. Izeki ndi Jakobo anaseketsa dziko lonse potengera mayankhulidwe a anthu amene tonse tinkawadziwa. Chatsopano ndi kamera yokha.

Makatuni ndi mavidiyo a nyimbo zimakumana pati?

Makatuni a akuluakulu amakonda kwambiri kutsanzira oimba, ndipo The Simpsons, South Park ndi Family Guy zonse zili ndi zigawo zotero. Koma chitsanzo chimene chimaphunzitsa zambiri ndi Beavis and Butt-Head ya Mike Judge, imene inayamba pa kanema wa nyimbo wa MTV mu 1993. Anyamata awiri opusa amakhala pa sofa n'kumaonera mavidiyo enieni a oimba, akuwanyogodola. Itafika nthawi yoika pulogalamuyo pa zimbale, mavidiyo ambiri aja anawachotsamo, chifukwa chilolezo chimene chinalipo chinali choonetsera pa wailesi, osati chogulitsira pa chimbale. Ndiye amene anagula anapeza zigawo zodukaduka. Ngakhale kampani yaikulu chotero inalephera kungotenga nyimbo ya mwini.

Ndiye ndikatsanzira nyimbo ya woimba wa kuno, ndalakwira lamulo?

Nyimbo ili ndi mwini, kamvekedwe kake ndi mawu ake omwe. Ku Malawi umwini umenewu umatetezedwa ndi lamulo la mu 2016, limene linalowa m'malo mwa la mu 1989, ndipo bungwe loyang'anira ndi COSOMA, limene linakhazikitsidwa mu 1992. Anyamata ena amawerenga pa intaneti kuti kutsanzira mwanthabwala n'kololedwa. Zimenezo zimachokera ku chigamulo cha khoti lalikulu la ku America cha mu 1994, pa mlandu wa gulu la 2 Live Crew limene linatsanzira "Oh, Pretty Woman" ya Roy Orbison. Chigamulo chimenecho ndi cha kwawoko, sichikuyankhirani mlandu ku Blantyre.

Malangizo anga ndi awa: pemphani. Yankovic yemwe uja, ngakhale malamulo a kwawo amamupatsa mpata, amapempha kaye mwini nyimbo. Pamene panachitika kusamvana ndi woimba Coolio mu 1996 pa nyimbo yake imene Yankovic anatsanzira, Coolio anakwiya poyera, ndipo panapita zaka asanagwirizanenso. Oimba athu sali kutali, ambiri mukhoza kuwalembera pa Facebook kapena WhatsApp. Muuzeni chimene mukufuna kuchita, mutumizireni mawu anuwo, ndipo akavomera sungani yankho lakelo. Ngati mukufuna kugulitsa kapena kupezerapo ndalama pa YouTube, fikani ku COSOMA musanayambe. Dziwaninso kuti YouTube ndi Facebook zili ndi makina ozindikira nyimbo za eni, ndipo akhoza kutseka mawu a vidiyo yanu kapena kupereka ndalama zake kwa mwini nyimbo.

Njira ina yabwino koposa ndi kutsanzira mtundu wa nyimbo osati nyimbo ya munthu. Pekani yanu imene ikumveka ngati zija za oimba onyadira magalimoto obwereka, koma inu muimbire ngolo ya ng'ombe. Pamenepo palibe amene mwamubera.

Tikufuna kujambula yathu ndi foni. Tiyambire pati?

Yambirani pa mawu, kamera ibwere pambuyo. Lembani, imbani pamaso pa anthu asanu amene sakuopani, muone ngati aseka. Akaseka, jambulani mawu m'chipinda chachete, kenako pojambula zithunzi muziiliza nyimboyo kuti milomo igwirizane. Jambulani m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, chifukwa la masana kuno limachititsa nkhope kuda bii ndipo foni imatentha n'kuzima. Foni igoneke chopingasa, muiike pa mpando kapena pa njerwa kuti isagwedezeke. Malo tili nawo okongola: minda ya mzimbe ya ku Nchalo, mabwato a pa Shire, zitunda za Thabwa pamene chigwa chonse chimaoneka pansi. Mukaika valimba m'malo mwa kiyibodi, vidiyo yanu idzasiyana ndi zonse za m'tauni.

Tsopano chimene chili kumtima kwanga. Musanajambule, dzifunseni kuti mukuseka ndani. Ife a kuchigwa tikudziwa kuwawa kwa kusekedwa. Madzi akasefukira, monga mu January 2015 kapena nthawi ya namondwe Freddy mu March 2023, pamatuluka nthabwala zoti anthu a ku Nsanje ndi Chikwawa amakana kusamuka dala kuti azilandira zaulere. Wonena zimenezo sanagonepo mumtengo usiku wonse ali ndi mwana kumsana, ndipo sadziwa kuti dimba la m'mbali mwa mtsinje ndilo limadyetsa banja mvula ikakana kumtunda. Ndinaonapo kavidiyo kotere kakuyenda pa mafoni, nyimbo yotchuka ataisintha mawu kuti inyoze anthu a m'misasa. Mnyamata wina amene anataya mlongo wake m'madzi anakaonera m'shopu mwanga momwemo. Sanayankhule kanthu, anangobweza foni n'kutuluka.

Nyimbo ya pamtondo inkaloza mwamuna womenya mkazi, sinkaloza mkazi womenyedwayo. Sekani wa katangale amene wabisa matumba a chimanga cha thandizo, sekani wolonjeza mlatho nthawi ya kampeni yokha, sekani mnyamata amene wakhala ku Joni miyezi itatu n'kubwera atayiwala Chisena. Wolumala, wamasiye, wachialubino ndi wothawa madzi asiyeni. Ndipo musajambule munthu pamsika osamupempha, ngakhale akuvina moseketsa bwanji.

Nanga ma DJ omasulira m'Chichewa aja, amakonza kapena amaononga?

Zonse ziwiri. Pa mafilimu a nkhondo amathandiza, ndipo ena ali ndi luso lenileni, amatha kupatsa munthu wa ku China dzina la kwathu n'kumuyankhulitsa ngati wa pa Ndirande. Kumeneko nakonso ndi kutsanzira mwanthabwala. Koma pa makatuni a akuluakulu ndimachenjeza. Chingerezi chinali ngati mpanda, mwana sankamva zotukwana. Womasulira akaziika m'Chichewa, nthawi zina n'kuonjezera zake, mpanda uja wagwa. Mverani kaye musanapereke kwa ana.

Kodi katuni yoseketsa ya m'Chisena kapena Chimang'anja ingatheke?

Ingatheke, koma tisanamizane kuti n'chapafupi. Kanema amayenda zithunzi 24 pa sekondi, ndipo ngakhale ojambula ambiri amajambula 12 zokha n'kubwereza chilichonse kawiri, mphindi imodzi imafunabe zithunzi 720. Gawo limodzi la The Simpsons limatenga miyezi yoposa isanu ndi umodzi, ndi gulu lalikulu la anthu.

Chondilimbitsa mtima ndi South Park yomwe ija ndimaletsa ana. Gawo lake loyamba analipanga ndi mapepala odula ndi sizasi, kusuntha pang'ono, kujambula, kusunthanso. Lero amagwiritsa ntchito kompyuta ndipo kwa zaka zambiri gawo ankalimaliza m'masiku asanu ndi limodzi, komabe maonekedwe ndi a mapepala omwe aja. Anthu sanaikondere kukongola kwa zithunzi, anaikondera mawu. Ife mapepala tili nawo, dongo la m'mbali mwa Shire limene ana amaumbira ng'ombe tili nalo, ndipo pali mapulogalamu aulere a pa foni olumikiza zithunzi kuti ziyende.

Mwezi watha ana atatu a m'kachipinda kanga anaumba ng'ona, bwato ndi msodzi, ine n'kuwabwereka foni ndi njerwa ziwiri zoimikira. Anagwira masana awiri athunthu ndipo anatulutsa masekondi khumi ndi asanu: ng'ona ikukwera m'bwato, msodzi n'kuifunsa m'Chisena ngati yalipira. Loweruka lotsatira ndinaionetsa Tom and Jerry asanayambe, ndipo anandiumiriza kuibwereza kasanu ndi kawiri. Panopa akuumba mvuu, ndipo akufuna wina wodziwa kuimba valimba kuti awaikire nyimbo. Ngati mukumudziwa wotero cha kuno ku Ngabu, mubwere naye Loweruka masana.